Mtsikana wa ku Boma Ndinali Ine

Ndine ndinayambitsa. Ndanena poyambirira pomwe kuti wina asavutike n'kufufuza, poti ofufuza anafufuza kale ndipo anandipeza. Mtsikana uja amene sukulu yonse inkamufunafuna, wokhala ku boma kwa amalume ake ovuta, wosayankha foni koma kulemba kokha, ndinali ine, mnyamata wa Fomu 3 wa miyendo ngati ya kakowa. Ngati mukudikira kuti ndigwade n'kuyamba kulira, pezani pokhala, muchedwa.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Tinabwera ku Lungwena bambo atawasamutsa pa ntchito yawo ya ulangizi wa zaulimi, ine ndikuyamba Fomu 1. Pa sekondale yoyendera imene ndinalowa, m'kalasi timaphunzira m'Chingerezi, aphunzitsi akatopa amakhotera ku Chichewa, koma belu la buleki likangolira aliyense amabwerera ku Chiyao. Ine ndinkangoima pakhonde ngati mzati. Akaseka ndinkaseka nawo mochedwa, osadziwa ngati wosekedwayo ndine. Ankanditchula kuti wa kachewere, poti kwathu timalima mbatatesi. Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinaika nkhanu yamoyo m'chikwama cha monita. Ndinapaka choko chonyowa pampando wa aphunzitsi a masamu. Tsiku lina ndinaimba belu lowerukira nthawi isanakwane, sukulu yonse n'kubalalika aphunzitsi akumwa tiyi. Anthu akaseka chimene wachita, kwa kanthawi amakhala ngati anzako. Kanthawiko kakatha, umanyamula chikwama n'kuyenda wekha.

Mnzanga weniweni anali mmodzi yekha, ndipo sindidziwa chimene anandionera. Anali wofatsa, wosayankhulayankhula, mwana wa msodzi wokhala pafupi ndi mzikiti. Anali ndi njinga yakale ya bambo ake, ndi foni yabwino imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Tsiku lina tili Fomu 1 anangoima pambali panga mumsewu n'kunena kuti, "Kwera." Kuyambira pamenepo ankanditenga m'mawa pa mphambano, n'kudzanditsitsa pomwepo tikaweruka. Nthabwala zanga sankaziseka mokweza. Ankangopukusa mutu akupalasa.

"Aise, mutu wakowu ukufunika kuchipatala."

Chimene anali nacho choposa tonse ndi mawu. Mkulu amene amaitana azana pa mzikiti wawo, kuitanira anthu ku swala, ankadwaladwala chifuwa, ndiye shehe ankalola mnzangayo kuitana m'malo mwake. Ine ndine wa tchalitchi, koma akayamba ndinkasiya chimene ndikuchita. Mudzi wonse unkawadziwa mawu amenewo. Amayi ogulitsa usipa ankamulozerana akamadutsa.

Za atsikana ndiye analibe nazo mawu. Mtsikana akamupatsa moni, iye ankayankha nsapato zake. Ndinkamuuza kuti, "Iwe udzakwatira njinga yakoyi, ine ndidzakhala nkhoswe." Ndiye tsiku lina ndikufunafuna singano m'kachitini ka amayi, ndinapeza simu yawo yakale. Nditaiika m'foni yanga inagwira. Maganizo anabwera okha, sindinawaitane. Pa chithunzi cha nambalayo ndinaikapo duwa lofiira, n'kumulembera mnzangayo kuti:

"Moni. Ndinakumvani mukuitana azana ndili kwa azakhali anga ku Lungwena. Mawu anu ndi abwino kwambiri."

Anakhala masiku awiri osayankha. Lachitatu lake: "Zikomo. Ndinu ndani?"

Ndinaseka mpaka amayi anafunsa ngati ndadya chamba.

Ndinamupanga bwino mtsikanayo, ndisaname. Anali wa Fomu 2 ku boma, tsidya lina la mlatho. Sakanayankha foni chifukwa amalume ake amamvetsera pakhomo. Sakanatumiza chithunzi chifukwa kamera inasweka. Ankalemba masana tikaweruka, nthawi imene ine ndinkakhala kuseri kwa nyumba pamthunzi wa mtengo wa mango ndilibe chochita. Ndinkaganiza kuti zitenga masiku atatu kenako ndimuuza. Zinatenga masabata atatu.

Chimene chinandichedwetsa n'chakuti mnzangayo anayamba kuyankhula. Zaka ziwiri ndili kumbuyo kwake pa njinga, ndinkadziwa msana wake basi. Mtsikanayo anamva zonse m'masiku khumi. Anamva kuti mnzangayo safuna usodzi, kuti akakwera bwato mafunde akakula amasanza, ndipo bambo ake amachita naye manyazi pamaso pa alovi awo, anyamata owathandiza kukoka khoka. Anamva kuti amafuna kudzawerenga nkhani pa wailesi, ndipo amayeserera yekha m'munda wa chinangwa. Tsiku lina ndinafunsa mwadala kuti, "Muli ndi anzanu ambiri?" Yankho lake ndinaliwerenga kangapo.

"Mmodzi. Ndi wa ku Ntcheu. Ndi waphokoso koma alibe anthu. Ndikapanda kumutenga pa njinga amayenda akuyankhula yekha."

Bodza limenelo. Sindiyankhula ndekha, ndimayeserera nthabwala. Komabe tsiku limenelo mtsikanayo sanayankhe msanga.

M'mawa uliwonse ankabwera pa mphambano akumwetulira, akupalasa ngati njinga ilibe munthu kumbuyo.

"Wadya chiyani lero?"

"Palibe."

"Ndiye mano onsewa panja bwanji?"

"Khala bwino, ugwa."

Ndinali ndi anzanga awiri mwa munthu mmodzi, wa m'mawa ndi wa masana. Ndani akanafulumira kusiya?

Pa sukulu pathu panali anyamata ena a Fomu 4 amene ankapempha atsikana zithunzi zija zosayenera, n'kumaonetsana kuseri kwa makalasi. Ine zimenezo ayi. Ndine wopulupudza koma sindine wauve. Chimene ndinapempha ine ndi nyimbo. Ndinalemba kuti, "Mundiimbire ine ndekha, yopeka nokha." Anakana masiku atatu, akuti mawu ake ndi a ku mzikiti. Mtsikanayo anakwiya pang'ono, anakhala chete tsiku lathunthu. Kenako uthenga wa mawu unafika.

Kumbuyo kunkamveka nkhuku ndi mwana akulira patali. Anayamba n'kutsokomola, kenako n'kuimba ndi mawu omwe aja amene amaimitsa amayi pa mjigo. Ankati duwa lake lili ku boma, mlatho ngakhale utagwa iye adzawoloka Shire chosambira, ng'ona akakumana nazo adzangozipatsa moni. Munthu wosanza m'bwato! Ndinagubuduka pansi, mchenga mpaka m'makutu. Nditatha kuseka ndinaimveranso, kenako kachitatu, ndipo kachitatuko sindinaseke, chifukwa nyimboyo inali yokoma ndithu.

Cholinga changa chinali chaching'ono. Ndinasunga nyimboyo m'memore ya foni yanga, kuti Loweruka tikakhala awiri ndimuyatsire, aone nkhope yanga, andithamangitse ndi mpope wa njinga, tiseke, zithe. Anthu awiri basi. Cholakwa changa, ngati mukufuna kuchitcha cholakwa, n'chakuti Lachitatu ndinapita kukathiritsa nyimbo.

Amene sanakhaleko kuno sangadziwe. Pa msika pali kachipinda ka malata, muli mkulu wina ndi kompyuta ndi sola, amatchaja mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemore. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere: ukamupatsa memore, amayamba wakopera zonse zili m'menemo n'kuziika m'kompyuta yake, akuti atsuke kaye mavairasi, kenako amakubwezera zako pamodzi ndi zatsopano. Koma zimene wakoperazo safufuta. Ndi mmene amapezera nyimbo zatsopano, kuchokera kwa makasitomala omwewo. Aliyense amadziwa zimenezi, inenso ndinkadziwa. Ndinangoiwala, maso ali pa mndandanda wa nyimbo za ku Joni.

Mkuluyo anaipeza, anaikonda, anaikira ng'oma za pa kompyuta pansi pake, n'kuyamba kuithira m'memore ya aliyense wobwera ngati basera.

Loweruka lija ndinazengereza, sindinamuyatsire. Lolemba tikupita ku sukulu, wakabaza wina anatipitirira ndi kasipika komangirira pa handulo. Ndinamva kutsokomola kuja, kenako ng'oma, kenako duwa la ku boma. Njinga yathu inakhotera kumchenga, tonse n'kugwa. Mnzangayo anadzuka osadzisansa, akuyang'ana kumene wakabazayo walowera.

Ndikanama ndikanena kuti mumtima sindinanyade. Nkhanu ija inaseketsa kalasi imodzi. Iyi inali pa kabaza, m'mashopu, kudoko kumene amayanika usipa, m'nyumba yoonetsera mafilimu. Ena anati anaimva m'minibasi ya ku boma. Chinthu chochokera kuseri kwa nyumba yathu! Vuto linali loti panalibe woti ndimuuze kuti ndine.

Mawuwo sanafunike kufunsa kuti ndi a ndani. Pofika buleki, pa bolodi panali ng'ona yojambula yovala kofia. Akamadutsa pakhonde, anyamata ankagwada mwaulemu.

"Moni, a ng'ona! Mwaswera bwanji m'madzimo?"

"Shehe wachikondi, tiimbireni ya masana!"

"Mlatho ukadalipo, aise, usavule malaya!"

Tsiku loyamba zinali zoseketsa, ndipo ina mwa nthabwalazo ndikanakonda ndikanaipeka ine. Koma nkhani ikalowa m'kamwa mwa anthu ambiri imamera miyendo. Lachiwiri kunamveka kuti si nyimbo yokha, anatumizanso zithunzi ali chibadwire. Kunalibe chithunzi chilichonse, ine ndiye ndikudziwa, koma anyamata atatu analumbira kuti aziona ndi maso awo. Wina mpaka ankalonjeza anzake kuti awatumizira. Atsikana a m'kalasi mwathu anasuntha madesiki awo. Wina analemba mawu oipa pa chishalo cha njinga yake ndi penti yoyera. Amayi ake anasiya kupita ku mjigo m'mawa, ankadikira dzuwa litenthe anthu achoke. Lachinayi shehe anatuma uthenga kwa bambo ake kuti mwanayo apume kaye pa azana mpaka nkhaniyi imveke bwino.

Masana a tsiku limenelo uthenga unafika pa simu ya amayi ija. "Ndinakulakwirani chiyani?" Mpaka pamenepo ankamulemberabe mtsikanayo mwaulemu. Ndinachotsa simuyo n'kuibwezera m'kachitini, pansi pa mabatani.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti sabata yonseyo ankabwerabe pa mphambano. Anasiya kudutsa mumsewu waukulu, tinkazungulira njira ya m'minda, yaitali, yamchenga, mwina kutsika n'kumakankha. Pa sukulu yonse, woyenda naye ndinali ine ndekha. Pa buleki tinkakhala awiri kuseri kwa thanki ya madzi, iye akuswa chinangwa chowotcha n'kundigawira chachikulu.

"Aise," anatero tsiku lina, "mtsikana uja wandigulitsa."

"Atsikana a ku boma ndi otero."

"Koma sankaoneka wotero. Ankamva zinthu."

"Umudziwa bwanji munthu wosamuona?"

Kenako anati, "Iwe wekha ndiye sunandiseke."

Pamenepo ndiye pamene munthu wabwino akanaulula. Ine ndinatafuna chinangwa. Ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, mawa pa mphambano sipabwera munthu, ndipo sindinaonepo sabata imene ndinali wofunika kwa wina ngati imeneyo. Muweruze mmene mungafunire.

Amene anathetsa zonse ndi amalume ake a mnzangayo, mjomba wake monga amanenera kuno, bambo wamfupi wogulitsa nsomba ku Limbe. Iwo sanafunse mizimu. Anapita ku kachipinda ka malata kaja n'kukhala pa benchi, akuti sachoka mpaka auzidwe mwini memore. Mkulu wa kompyuta uja sanalimbe ndi ola limodzi lomwe. "Ndi mwana wa alangizi uja, wamtali."

Lolemba lotsatira anandiitana ku ofesi ya ahedi. Munali ahedi, bambo anga atavala malaya awo a kumsonkhano, mjomba uja, ndi mnzangayo ali pakona, maso pa simenti. Foni yanga inali patebulo, simu ya amayi pambali pake. Bambo anali atagwedeza kachitini m'mawa womwewo.

"Mtsikanayu ali kuti?" anafunsa ahedi.

"Ndi ineyo, sala."

"Ukuti chiyani?"

"Mtsikanayo ndine. Duwa lija ndinajambula pa ofesi ya bambo."

Mjomba uja anayankhula Chiyao mofulumira, mawu amene ndinamvapo ndi oti Mulungu basi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Zithunzizo zili kuti? Tizione pompano."

"Kulibe, bambo. Anangoimba."

Anafufuza foni yonse, ahedi atavala magalasi, n'kupeza nyimbo za ku Joni ndi chithunzi cha nkhanu. Ndinaganiza kuti pamenepa ndathandiza, dzina la mnzanga layera. Koma ahedi, pofuna umboni, anayamba kuwerenga mauthenga mokweza, mmodzimmodzi, ndi mawu awo a pa asembule. Anawerenga za wailesi. Anawerenga za kusanza m'bwato, mjomba ali pomwepo. Atafika pamene mtsikana akuti, "Mukandikana ndidwala," anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinaphulika kuseka. Sindinafune. Kungoti mawu amenewo m'kamwa mwa ahedi, munthu wa ndevu zoyera, sakanapiririka. Bambo anandiponda phazi. Mnzangayo sanadzutse mutu ngakhale kamodzi.

"Upepese," anatero bambo.

"Pepani kuti zinafika kwa wa kompyuta."

"Upepese zimene unachita!"

"Nyimboyo ndi yabwino, bambo. Anthu akuikonda."

Ahedi anayankhula nthawi yaitali za mafoni, kuti chimene watumiza sichibwerera, kuti chaka chatha mtsikana wina anasiya sukulu pa nkhani ya zithunzi zenizeni ndipo mpaka lero satuluka m'nyumba. Zimenezo n'zoona, ndinkamudziwa. Kenako anagamula: masabata awiri osalowa m'kalasi, ndipo m'masabata amenewo ndikumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa makalasi, lakuya kufika msinkhu wanga. Foni bambo anaitsekera m'sutikesi. Pa asembule ahedi analengeza kuti kulibe mtsikana, kulibe zithunzi. Sizinathandize. Tsopano anthu ankamuseka mnzangayo kuti anafunsira mwamuna mnzake, ndipo atatu aja ankalumbirabe kuti zithunzi anaziona. Ine ndinayembekezera kuti mwina wina abwera kudzandigwira chanza, kuti wa kachewere watiposa tonse. Sanabwere. Ankangondilambalala ngati ndili ndi mphere.

Kukumba kunandikomera. Ahedi ndi a ku Mzimba, anaiwala kuti dothi la kuno ndi mchenga. Ukakumba mpaka m'chiuno, mbali imodzi imagumuka n'kukukwirira mapazi, uyambirenso. Ndinkaimba, ndinkapanga mawu a ahedi ndi a mjomba mosinthana, ndinkawerengera abuluzi nkhani za pa wailesi. Belu likalira ndinkamva mapazi a anthu akupita ku buleki, koma m'dzenje suona munthu, umaona thambo lokha.

Tsiku lachisanu chithunzithunzi chinagwera m'dzenjemo. Nditayang'ana kumwamba ndinaona mnzangayo, wosavala yunifolomu, envulopu ya khaki m'manja.

"Wabwera kudzandithandiza? Fosholo ina ili ku stolo."

"Ndabwera kudzatenga kalata ya transifa. Ndikupita ndi amalume ku Limbe."

"Liti?"

"Mawa."

Ndinatsamira khasu. Ndinafuna nthabwala, koma zonse zinali zitathawa.

"Ndikufunse chinthu chimodzi," anatero. "Zonse zija unkalemba wekha? Panalibe wokuthandiza?"

"Ndekha."

"Zija zoti za pa wailesi ndikhoza kuzikwanitsa, kuti ndisamvere bambo?"

"Ndekha."

"Unkaseka polemba?"

"Zina."

"Zimenezo?"

"Zimenezo ayi."

Anaima pamenepo kanthawi, akukankha mchenga ndi chala cha phazi, ukugwera pamapewa panga. Ndinaganiza kuti andilavulira, kapena anena kuti mutu wanga ukufunika kuchipatala. Chilichonse mwa ziwirizi ndikanalandira.

"Ukanangondifunsa," anatero. "Ndikanakuuza."

"Sukanandiuza."

Anaganiza pang'ono. "Mwina."

Basi anachoka. Sindinatuluke m'dzenjemo kuti ndimuone akupita, poti makwerero ndinalibe ndipo m'mbali munkagumuka. Nambala yake anasintha. Azana masiku ano amaitana mkulu wa chifuwa uja, amaima pakati kuti atsokomole.

Dzenjelo ndinalimaliza tsiku lachisanu ndi chitatu, nditaphunzira kuthira madzi m'mbali kuti mchenga ugwirane. Ndinapitirira muyeso, mpaka ahedi atabwera kudzayendera anachita kusuzumira kuti andione. Anati sanaonepo dzenje looneka bwino chotero pa sukulupo, ndipo anafunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndinati eya, sala, ndaphunzira kukumba. Anapukusa mutu n'kunena kuti masiku otsalawo ndikakhale kunyumba, ndikaganize bwino.

Kunyumba bambo amapita kumunda wa chionetsero, amayi kumsika, foni ili m'sutikesi. Ndinakhalako tsiku limodzi. M'mawa mwake ndinanyamula khasu, kuyenda wapansi mpaka kusukulu, n'kukagogoda pa ofesi ya ahedi kufunsa ngati pali dzenje lina.